Thandizo m'madera a nkhondo: mmene mungagawanirane chiopsezo ndi mabungwe a m'deralo

Kuyambira mu Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira tauni ya Mocímboa da Praia m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique, ntchito yothandiza anthu kumeneko yakhala ikuyenda chonchi: mabungwe akuluakulu akunja amakhala ndi maofesi ku Pemba, komwe kuli bwalo la ndege, mabanki ndi mahotela, koma amene amakwera galimoto kupita ku Macomia, Quissanga kapena Muidumbe kawirikawiri amakhala eni dera. Ku South Sudan, ku Somalia ndi kummawa kwa DR Congo zinthu n'chimodzimodzi. Pazokha zimenezi si zolakwika. Eni dera amalankhula Chimakua, Chimakonde kapena Chimwani, amadziwa mfumu ya mudzi uliwonse, ndipo amadutsa pomwe mlendo sangadutse. Vuto limayamba pamene bungwe lalikulu latuma laling'ono kumalo komwe lokha likuopa, koma osalipatsa galimoto yolimba, inshuwalansi, ngakhale ndalama ya mayunitsi. Kumeneko n'kutuma munthu kukafula njuchi osam'patsa muuni.

Mu 2024 anthu ogwira ntchito zothandiza oposa 380 anaphedwa padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo anali nzika za mayiko omwe ankagwiramo ntchitoyo. Komatu ndalama sizitsata anthu amenewa. Pamsonkhano wa ku Istanbul mu 2016, opereka ndalama ndi mabungwe akuluakulu anasainirana pangano lotchedwa Grand Bargain, loti pofika 2020, 25 peresenti ya ndalama za thandizo izipita kwa mabungwe a m'mayiko momwemo popanda kudzera m'manja ambiri. Chakacho chinafika n'kudutsa lonjezolo lisanakwaniritsidwe, ndipo chifukwa chomwe chimaperekedwa nthawi zambiri ndi mantha akuti ndalama zisowa. Malangizo ali m'munsiwa ndi a onse awiri, bungwe lotumiza ndalama ndi bungwe lolandira.

Khalani pansi musanasaine

Mndandanda wa zoopsa usalembedwe ku likulu la bungwe lalikulu n'kutumizidwa pa imelo kuti anzanu angosaina. Patulani tsiku lathunthu, mukhale m'chipinda chimodzi, ndipo musaitane mabwana okhaokha. Dalaivala, wosunga ndalama ndi amayi omwe amalemba maina m'midzi amadziwa zinthu zomwe mkulu wa bungwe sanazimvepo.

Choopsa chilichonse chipatseni manambala awiri. Yoyamba, kuyambira 1 mpaka 5, ndi ya mpata woti chichitike. Yachiwiri, 1 mpaka 5 yomweyo, ndi ya kukula kwa tsoka chikachitika. Chulukitsani. Mwachitsanzo, galimoto kuimitsidwa ndi anthu a mfuti pa msewu wa N380 wopita ku Macomia mungakupatse 3 ndi 5, zomwe zikupanga 15. Kusowa kwa malisiti a zinthu zogulidwa pamsika mungakupatse 5 ndi 2, zomwe zikupanga 10. Mukatero mudzaona poyera kusiyana kwa maganizo: wa ku likulu amada nkhawa ndi malisiti chifukwa ndi omwe odita adzamufunse, pomwe wa kumudzi amada nkhawa ndi msewu chifukwa ndi iye adzakhale m'galimotomo. Chilichonse chofika 15 kapena kupitirira chisasiyidwe mpaka mutagwirizana njira yochichepetsera.

Papepala lomwelo muwonjezere mafunso atatu pa choopsa chilichonse: adzachitepo kanthu ndani, adzalipire ndani, ndipo zichitike pofika tsiku liti. Funso lachiwirilo ndi lomwe anthu amalizemba. Mzere womwe ulibe dzina la wolipira ndiye kuti wolipira ndi bungwe laling'onolo, ngakhale palibe wanena.

Gwirizananinso zizindikiro zoti zikaoneka ntchito iime popanda kudikira chilolezo cha ku Pemba kapena ku Maputo. Zikhale zinthu zomwe munthu angaone ndi maso: msika womwe umadzaza Loweruka lililonse uli mbee, madalaivala a minibasi zotchedwa chapa akukana kulowera njira ina, mabanja akugona kutchire m'malo mogona m'nyumba, netiweki yazima mwadzidzidzi, kapena kwamveka kuukira pamtunda wosapitirira makilomita 30. Mndandandawu muziuonanso mwezi uliwonse, ndiponso nthawi iliyonse chimodzi mwa zizindikirozi chikaoneka. Dera lomwe linali labata miyezi isanu ndi umodzi litha kusintha usiku umodzi. Mu Meyi 2024 zigawenga zinalowa m'tauni ya Macomia, katundu wa mabungwe othandiza anabedwa, ndipo ntchito inaima.

Kufufuza bungwe musanalipatse ndalama

Apa musatayepo miyezi. Mabungwe a United Nations ali ndi ndondomeko yotchedwa HACT yomwe imaunika mmene bungwe limasamalira ndalama n'kuliika pa umodzi mwa milingo inayi ya chiopsezo. Ngati bungwe lomwe mukufuna kugwira nalo ntchito linaunikidwa kale posachedwa, pemphani lipotilo ndipo mungofunsa zomwe mulibemo. Pali mabungwe ang'onoang'ono omwe amayankha mafomu ofanana kwa opereka ndalama asanu m'chaka chimodzi, wosunga ndalama ali m'modzi yemweyo.

Zofunika kuona n'zochepa. Bungwe likhale lolembetsedwa kuboma. Akaunti ya kubanki ikhale m'dzina la bungwe, osati la mkulu wake, ndipo pakhale osainira atatu, awiri mwa iwo azisaina limodzi. Wolemba cheke asakhale yemwenso amayerekeza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki. Bodi ikhale yokumanadi, yokhala ndi maminitsi, osati maina a achibale olembedwa papepala. Misonkho izilipiridwa, komanso ndalama za penshoni za antchito, zomwe ku Mozambique zimapita ku bungwe la boma lotchedwa INSS. Bungwe likapezeka lofooka pa chimodzi, chimenecho ndicho choyamba kulowa mu bajeti kuti chikonzedwe, osati chifukwa cholisiyira.

Kufufuzaku kukhale kwa mbali zonse. Bungwe laling'ono lifunse mosaopa kuti: tikatumiza lipoti, ndalama zimabwera patatha masiku angati? Odita akakana ndalama zina zomwe tagwiritsa ntchito, abweze ndani? Wopereka ndalama akadula thandizo pakati pa chaka, antchito athu alipidwa mpaka liti? Mayankho alowe m'kontirakiti.

Bajeti

Chitetezo chomwe sichinalembedwe mu bajeti kulibe. Mabungwe ang'onoang'ono ambiri amachotsa okha mizere ya chitetezo pofuna kuoneka otchipa kuti apambane mpikisano wa ndalama, ndipo bungwe lalikulu limanyadira kuti lapeza mnzake wosadya ndalama zambiri. Inu otumiza ndalama, mukaona bajeti yopanda mzere wa chitetezo, ibwezeni kuti awonjezere.

Muikemo mafuta a galimoto ziwiri paulendo uliwonse wa kumalo oopsa, chifukwa galimoto imodzi ikafa panjira palibe woikoka. Galimoto iliyonse ikhale ndi matayala awiri apadera, jeki yogwira ntchito, chingwe chokokera ndi bokosi la zothandizira ovulala lokhala ndi malamba oletsa kutaya magazi, ndipo m'gulumo mukhale anthu osachepera awiri ophunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito. Wantchito aliyense akhale ndi masimukhadi a makampani awiri, monga Vodacom ndi Movitel, poti pomwe ina sigwira ina imatha kugwira. Gulu lililonse lopita kutali likhale ndi foni ya satelayiti imodzi, ndipo musaiwale kuti mayunitsi ake amatha nthawi ngakhale osagwiritsidwa ntchito. Paofesi ya kumudzi pakhale chakudya chosaonongeka msanga ndi madzi okwanira masiku asanu, malita osachepera 5 pa munthu patsiku, kuchitira kuti misewu ingatsekedwe anthu ali mkati. Pakhalenso ndalama yapadera yothawitsira antchito, yosungidwa pomwe mtsogoleri wa gulu angaitenge usiku popanda kusainitsa kwa wina.

Inshuwalansi muiwerenge mpaka kumapeto. Zambiri zotchipa zili ndi ndime yonena kuti sizilipira imfa kapena kuvulala kobwera ndi nkhondo kapena uchigawenga, zomwe zikutanthauza kuti ku Cabo Delgado n'zopanda ntchito. Mu 2015 khoti la ku Oslo linagamula kuti bungwe la Norwegian Refugee Council linachita mphwayi yaikulu pa chitetezo cha wantchito wake Steve Dennis, yemwe anagwidwa ndi anthu a mfuti kumsasa wa Dadaab ku Kenya mu 2012. Mlandu umenewu unadzidzimutsa mabungwe ambiri akunja, ndipo anakhwimitsa chisamaliro cha antchito awo. Koma dalaivala wa bungwe laling'ono la ku Montepuez sangafike ku khoti la ku Ulaya. Chomwe chingathandize banja lake ndi zomwe zinalembedwa m'kontirakiti iye asananyamuke.

Palinso ndalama zoyendetsera bungwe, za lendi, magetsi, odita, mlonda ndi kompyuta. Mabungwe akunja amatengako gawo pa thandizo lililonse, nthawi zambiri cha m'ma 7 peresenti, koma ambiri sapatsako anzawo omwe akugwira ntchitoyo. Mu 2022 komiti ya IASC, yomwe imasonkhanitsa mabungwe akuluakulu othandiza, inatulutsa malangizo oti mabungwe a m'mayiko momwemo azipatsidwanso gawo lotere. Perekani gawoli popanda kufunsa malisiti ake. Ndi ndalama yokhayi yomwe bungwe lingasunge kuti lisatseke ntchito imodzi ikatha ina isanayambe.

Kaperekedwe ka ndalama nakonso kamapha mabungwe. Njira yoti "gwiritsani ntchito zanu, tidzakubwezerani" imakakamiza bungwe lopanda chuma kubwereka ku pulojekiti ina kapena kwa akatapila, ndipo odita akadzafika amati ndi chinyengo. Perekani ndalama za miyezi itatu patsogolo. Tumizani gawo lotsatira akangofotokoza 70 kapena 80 peresenti ya gawo loyamba, osadikira kuti akaunti iume, ndipo dziikireni malire a masiku 10 ogwira ntchito kuti ndalama zifike. Lolani kuti azisuntha mpaka 10 peresenti kuchoka pa mzere wina kupita pa wina popanda kupempha, ndipo muike pambali 5 mpaka 10 peresenti ya zadzidzidzi. Ku Cabo Delgado zadzidzidzi si nkhondo yokha. Namondwe Kenneth anagunda Macomia ndi Ibo mu Epulo 2019, ndipo Chido anagunda Mecufi mu Disembala 2024. Bungwe lomwe liyenera kudikira milungu isanu ndi umodzi kuti liloledwe kugula malona m'malo mwa mbewu limafika anthu atanyowa kale.

Panjira

Chitetezo chenicheni cha bungwe laling'ono ndi chakuti anthu a m'deralo akulidziwa ndi kulifuna. Mipanda ndi alonda zimabwera pambuyo. Musanayambe ntchito m'mudzi, kaonekereni kwa mfumu, kwa akuluakulu a mzikiti ndi a tchalitchi, kwa oyang'anira boma laling'ono, ndiponso kwa anthu omwe analandira othawa nkhondo m'minda mwawo. Fotokozani amene adzalandire thandizo, amene sadzalandira, ndi chifukwa chake. Mikangano yambiri pa tsiku logawa imachokera kwa eni mudzi omwe anagawana chinangwa chawo ndi alendo kenaka n'kuona alendo okhawo akulandira matumba.

Ulendo uliwonse ukhale ndi pepala: maina a okwera, nambala ya galimoto, njira, nthawi yonyamuka ndi yofika. Nyamukani dzuwa litatuluka, magalimoto ena atadutsa kale, ndipo mufike isanakwane 4 koloko madzulo. Kuofesi kukhale munthu m'modzi yemwe ntchito yake tsiku limenelo ndi kulandira foni, ola lililonse kapena pamalo ogwirizana. Pakatha mphindi 30 gulu lisanaimbe, ayambe kulifunafuna. Pakatha ola, adziwitse mkulu wa bungwe ndi mnzawo wa ku likulu. Ndondomekoyi imafa msanga ngati wolandira foniyo ali ndi ntchito zina zisanu.

Pa rodibuloko alankhule munthu m'modzi, yemwe mwasankhiratu. Wailesi izimitsidwe, magalasi atsitsidwe, manja aoneke, ndipo pasapezeke wojambula. Mafoni asakhale ndi zithunzi za asilikali kapena mauthenga a ndale.

Kuperekezedwa ndi asilikali kumaoneka ngati chitetezo, koma malangizo a IASC amati ikhale njira yomaliza zina zonse zitakanika. Kuyambira mu Julayi 2021 m'chigawochi muli asilikali a Rwanda kuwonjezera pa a Mozambique, ndipo galimoto yomwe yaoneka pakati pa mdipiti wawo imatengedwa ngati yawo. Mlendo adzakwera ndege n'kupita. Wantchito wa m'deralo adzatsala ndi mbiri yoti amayenda ndi asilikali, ndipo mayi ake amakhala m'mudzi womwewo.

Lembani m'kontirakiti kuti wantchito aliyense, ndi bungwe lonse, ali ndi ufulu wokana ulendo popanda kudulidwa malipiro kapena kuoneka olephera. Popanda ndime imeneyi anthu amapita chifukwa choopa kutaya ntchito. Thandizaninso bungwe laling'ono kulembetsa ku INSO, bungwe lomwe limagawa kwaulere uthenga wa chitetezo kwa mabungwe omwe si aboma m'mayiko ngati Mozambique, Nigeria ndi DR Congo. Si bwino kuti uthenga woti njira yatsekedwa uzifika ku Pemba koma osafika kwa amene ali panjirayo.

Ndalama zikasowa

Chepetsani ndalama zonyamula m'manja. Pomwe pali netiweki, lipirani pafoni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, koma yambani mwaona ngati ma ejenti a m'deralo ali ndi ndalama zokwanira, chifukwa anthu 500 akalandira tsiku limodzi ejenti amauma pofika masana, ndipo ena amayamba kudula kangachepe mwamseri. Gawani malipirowo m'masiku angapo. Kumbukiraninso kuti ambiri othawa nkhondo anasiya ziphaso m'nyumba zomwe zinatenthedwa, choncho gwirizanani pasadakhale umboni wina wovomerezeka.

Pamsika wa kumudzi palibe malisiti osindikiza. Mukaumirira kuti abwere nawo, adzabwera nawodi, olembedwa ndi munthu m'modzi pansi pa mtengo. Ndi bwino kugwirizana fomu yosavuta yokhala ndi dzina la wogulitsa, nambala yake ya foni, chidindo cha chala ndi siginecha za antchito awiri, ndipo wopereka ndalama aivomereze molemba ntchito isanayambe.

Chinyengo chidzachitika, m'bungwe laling'ono ngakhalenso lalikulu. Chofunika ndi zomwe zimatsatira. Ngati lamulo ndi lakuti akangonena za ndalama yosowa thandizo lonse liime, palibe adzanene. Siyanitsani zinthu zitatu: kulakwitsa polemba, kuba kwa wantchito m'modzi komwe bungwe lagwira lokha, ndi kuba komwe atsogoleri akukudziwa. Choyamba chimafuna kuphunzitsa. Chachiwiri chimafuna kufufuza ntchito ikupitirira, ndipo bungwe lomwe laulula lokha pasanathe maola 72 liyenera kuyamikiridwa. Chachitatu chokha ndicho choimitsira ndalama. Katundu wolandidwa ndi anthu a mfuti asawerengedwe ngati ngongole ya bungwe laling'ono.

Pa malamulo oletsa kuthandiza zigawenga, dziwani malire ake. Dziko la America linaika gulu loukira la ku Cabo Delgado pa mndandanda wa zigawenga mu Malichi 2021, ndipo mabanki amachita mantha ndi ndalama zopita kumadera otere. Mu Disembala 2022 Security Council ya United Nations inavomereza chigamulo nambala 2664 chomwe chimateteza ntchito yothandiza anthu ku zilango zake za chuma, koma malamulo a dziko lililonse amakhalapobe. Kufufuza maina a atsogoleri a bungwe, antchito ndi ogulitsa katundu n'koyenera. Kufufuza maina a anthu olandira chakudya n'kosemphana ndi mfundo yoti thandizo limatsata kuvutika kwa munthu, ndipo ndime yotere muikane musanasaine. Musasiyire bungwe laling'ono kuti lizimasulira lokha ndime za malamulo a dziko lomwe silinafikeko. Loya wanu alithandize.

Nkhanza kwa olandira thandizo

Pa mliri wa Ebola wa 2018 mpaka 2020 kummawa kwa DR Congo, amayi ambiri anakakamizidwa kugonana ndi ogwira ntchito zothandiza posinthana ndi ntchito, ndipo kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti ena mwa ochita izi anali antchito a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse. Malamulo analipo papepala. Chomwe panalibe ndi njira yomwe mayi angadandaulire popanda kudzera kwa bwana yemweyo.

Bokosi la madandaulo lopachikidwa pakhomo la ofesi silithandiza munthu wosadziwa kulemba, ndipo aliyense amaona amene waponyamo. Ikani amayi odalirika, olankhula chilankhulo cha m'deralo, oti anthu aziwafikira pachitsime kapena kuchipatala. Lengezani pa kugawa kulikonse kuti thandizo ndi laulere ndipo palibe woyenera kupempha kanthu. Ku Mozambique kuli nambala yaulere yolandira madandaulo ya Linha Verde 1458, ndipo iyenera kulembedwa pa khadi lililonse la olandira thandizo. Maina a olandira asalembedwe ndi munthu m'modzi, kaya ndi mfumu kaya wantchito. Dziwiranitu chipatala chapafupi chomwe chili ndi mankhwala a PEP, chifukwa kuti ateteze ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo mu bajeti mukhale ndalama ya ulendo wopita kumeneko.

Mndandanda wa maina nawonso ndi woopsa ukagwera m'manja olakwika. Lembani zokhazo zomwe mukuzifuna, tabuleti iliyonse ikhale ndi pasiwedi, ndipo mapepala asagone m'galimoto.

Kulimbitsa bungwe

Maphunziro a masiku atatu ku hotela amasiya ziphaso ndi maalawansi, koma mabuku a ndalama amakhala mmene analili. Chomwe chimasintha zinthu ndi akauntanti wodziwa yemwe wakhala paofesi ya bungwe laling'onolo miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, akutseka nawo mabuku mwezi ndi mwezi mpaka atayamba kutseka okha. Funsani bungwelo chomwe likufuna. Nthawi zambiri yankho limakhala sola yoyendetsera makompyuta, pulogalamu ya maakaunti, kapena malipiro a wantchito wachiwiri wa zachuma. Mgwirizano wa zaka ziwiri kapena zitatu umalola bungwe kusunga antchito, pomwe wa miyezi isanu ndi umodzi umalisandutsa malo ophunzirira ntchito anthu asanapite kwina.

Kwinako kawirikawiri ndi kwa inu nomwe. Bungwe lalikulu limaphunzitsa wantchito wa mnzake, kenaka n'kumulemba ntchito pa malipiro owirikiza katatu. Munthu sangaletsedwe kufuna malipiro abwino, koma mungagwirizane kuti azipereka chidziwitso cha miyezi iwiri, ndipo mungalole kuti malipiro a m'bungwe laling'ono akwere kufika poyandikira.

Pamisonkhano yogwirizanitsa ntchito, pitani nawo ndipo alankhule okha za dera lawo. Msonkhano wochitikira ku Pemba m'Chingerezi chokha umatsekera kunja anthu omwe akudziwa bwino za Quissanga, choncho limbikirani kuti pakhale Chipwitikizi kapena womasulira. Dzina la bungwe lawo lioneke m'malipoti opita kwa opereka ndalama, ndipo muwadziwitse kwa operekawo maso ndi maso kuti tsiku lina adzapemphe okha.

Pomaliza pa kontirakiti payenera kukhala ndime ya kutseka. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lodzera ku USAID, ndipo mabungwe ang'onoang'ono ambiri, kuphatikizapo a ku Malawi ndi ku Zambia, anatsala ndi ngongole za lendi, za ogulitsa katundu ndi za malipiro a antchito. Lembani kuti mgwirizano ukathetsedwa padzakhala chidziwitso cha masiku osachepera 60, kuti ndalama zonse zomwe zinagwiritsidwa kale ntchito mololedwa zidzalipiridwa, kuti ndalama zolipira antchito pochotsedwa ntchito zizipatulidwa mwezi uliwonse kuyambira pachiyambi, komanso kuti galimoto, njinga zamoto ndi makompyuta zidzatsala ndi ndani. Gwirizananinso amene adzapite kumidzi kukauza anthu kuti thandizo latha. Uthenga umenewu ukaperekedwe ndi mabungwe onse awiri pamaso pa mfumu, chifukwa ukasiyidwa kwa wantchito wa m'deralo yekha, anthu amaganiza kuti iye ndiye wadya ndalamazo.